Kuchokera ku Dubai kukafika ku Guangzhou pa ndege: mtunda ndi wautali bwanji, ndipo ulendowu umatenga maola angati?

Mayi wina wochita malonda ku Limbe wafunsa motere: "Mu November ndikukagula katundu ku Dubai, ndipo ndikachoka kumeneko ndipitirira ku Guangzhou m'dziko la China. Tikiti yanga ikusonyeza kuti ndege idzanyamuka ku Dubai 10:30 m'mawa n'kukatera ku Guangzhou 10 koloko usiku, omwe ndi maola 11 ndi theka. Koma pobwerera idzanyamuka 00:15 usiku n'kufika ku Dubai 5 koloko m'mamawa, maola osakwana n'komwe 5. Kodi pali cholakwika pa tikitiyi? Komanso nditafufuza pa intaneti za kutalika kwa mtundawu ndapeza manambala atatu, 5,800, 3,600 ndi 3,150. Yoona ndi iti?"

Mayi, tikiti yanuyo ilibe cholakwika, ndipo manambala atatu onsewo ndi oona. Mtunda wolunjika pakati pa bwalo la ndege la Dubai International ndi bwalo la Guangzhou Baiyun ndi makilomita pafupifupi 5,830. Ndege yosaima panjira imatenga maola 7 mpaka 8 popita ku Guangzhou, ndipo imatenga maola 8 mpaka 9 pobwerera ku Dubai. Pa tikiti yanu, ulendo wopita ndi wa maola 7 ndi mphindi 30, pamene wobwerera ndi wa maola 8 ndi mphindi 45, kutanthauza kuti ulendo umene wakuonekerani waufupiwo ndi umene mudzakhalitse pampando. Mtunda susintha, koma nthawi ya ulendo imasintha malinga ndi kumene ndege yalowera, mwezi umene mukuyenda ndiponso njira imene yaloledwa kudutsa tsikulo, ndipo ndikufuna kuti mumvetse bwino zimenezi chifukwa ndi zimene zidzakuthandizeni kukonza maulendo anu ena popanda kudalira munthu wokuwerengerani.

Chimene chakusokonezani ndi mawotchi. Makampani onse a ndege amalemba nthawi yonyamukira motsatira wotchi ya mzinda umene mukuchoka, ndipo nthawi yofikira amailemba motsatira wotchi ya mzinda umene mukupita. Dzuwa limayamba kutulukira ku Guangzhou lisanatuluke ku Dubai, ndipo wotchi ya ku China ili patsogolo ndi maola 4 poyerekeza ndi ya ku United Arab Emirates. Ikamakwana 10:30 m'mawa ku Dubai, ku Guangzhou imakhala ili kale 2:30 masana, ndipo kuchokera pa 2:30 masana kufika 10 koloko usiku ndi maola 7 ndi theka. Pobwerera zimatembenuka: ikamakwana 00:15 ku Guangzhou, ku Dubai imakhala idakali 8:15 usiku wa dzulo lake, ndipo kuchokera pamenepo kufika 5 koloko m'mamawa ndi maola 8 ndi mphindi 45. Choncho mukamalowera kum'mawa pa njira imeneyi muzichotsa maola 4 pa zimene maso anu akuona pa tikiti, ndipo mukamabwerera kumadzulo muziwonjezerapo maola 4. Kusiyana kumeneku kumakhala kofanana chaka chonse, pakuti mayiko awiriwa sasuntha mawotchi awo nyengo ikasintha monga amachitira a ku Ulaya. Dziko la China, ngakhale ndi lalikulu kwambiri, limagwiritsa ntchito nthawi imodzi ya ku Beijing, motero ngati mudzapitirire ku Yiwu kapena ku Shanghai simudzafunika kusinthanso wotchi. Kwa a kunyumba amene mudzawaimbire foni, dziwani kuti Dubai ali patsogolo pa Malawi ndi maola 2, ndipo Guangzhou ali patsogolo ndi maola 6.

Manambala atatu aja ndi mtunda umodzi woyezedwa ndi miyezo itatu. Nambala ya 5,800 ndi makilomita. Ya 3,600 ndi mamailosi a pamtunda, amene amagwiritsidwabe ntchito ku America ndi ku Britain, ndipo mailo imodzi ndi mamita 1,609. Ya 3,150 ndi mamailosi a panyanja, amene oyendetsa sitima ndi oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito, ndipo mailo imodzi yotere ndi mamita 1,852, monga anagwirizanira pa msonkhano wa mayiko umene unachitikira ku Monaco mu 1929. Mukachulukitsa 3,150 ndi 1.852 mupeza makilomita pafupifupi 5,830 aja. Kuti muuone bwino m'maganizo, mtundawu ndi wofanana ndi kuyenda pafupifupi kanayi kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg, umene uli ulendo wa makilomita pafupifupi 1,500.

Tsopano mawu oti "mtunda wolunjika" ayenera kufotokozedwa, chifukwa pa dziko lozungulira ngati mpira kulunjika sikufanana ndi kulemba mzere ndi rula pa mapu a papepala. Tengani dzungu lozungulira bwino, mubaye timitengo tiwiri m'malo awiri otalikirana amene ali chakumtunda kwa mimba yake, kenako mumange ulusi pa kamtengo kamodzi n'kuukoka mwamphamvu kufika pa kenako. Mudzaona kuti ulusiwo sutsatira mzere wozungulira dzungulo mopingasa, koma umakwera pang'ono chakumutu kwake. Pamene ulusi wagona ndi pamene pali njira yaifupi kwambiri, ndipo akatswiri a mapu amaitcha great circle. Mapu ambiri amene tinazolowera kusukulu amatsatira kajambulidwe kamene katswiri wa mapu Gerardus Mercator anatulutsa mu 1569, kamene kamatambasula dziko kwambiri mukamayandikira kumpoto kapena kum'mwera kwenikweni, ndipo pa mapu oterowo njira yaifupi imaoneka yokhota ngati uta. Mizinda yathu iwiriyi ili pafupifupi pa mzere umodzi, Dubai pa madigiri 25 kumpoto kwa ikweta ndipo Guangzhou pa madigiri 23, koma ulusi wolumikiza mizindayi umakwera kufika cha pa madigiri 27. Umawoloka nyanja ya Gulf of Oman, n'kudutsa kum'mwera kwa Pakistan, kenako kumpoto kwa India cha ku Jaipur ndi ku Lucknow, n'kukhudza m'tsinde mwa mapiri a Himalaya cha kumalire a Nepal, n'kupitirira kumpoto kwa Myanmar ndi chigawo cha Yunnan mpaka kutsikira ku Guangzhou. Nambala ya 5,830 ndi kutalika kwa ulusi umenewo.

Koma ndege siyenda pa ulusi weniweniwo. Kumwamba kuli misewu yake, yosaoneka ndi maso koma yolembedwa pa mapu a oyendetsa ndege, ndipo ndege imachoka pa chizindikiro china kupita pa china motsogoleredwa ndi oyang'anira kayendedwe ka ndege a dziko lililonse limene ikudutsa. Pangano la ku Chicago la 1944, limene linakhazikitsa bungwe la mayiko loona za maulendo a ndege la ICAO, limanena m'ndime yake yoyamba kuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro wonse pa mlengalenga wa pamwamba pa nthaka yake. Motero dziko likhoza kunena polowera ndi potulukira, likhoza kupatula madera ena kuti akhale a asilikali, ndipo likhoza kutsekeratu. Ku China gawo lalikulu la mlengalenga lili m'manja mwa asilikali, ndipo ndege zonyamula anthu zimadutsa m'misewu yowerengeka, zimene zimachititsa kuti njira zikhale zokhotakhota ndiponso kuti ndege zizidikirana. Chitsanzo cha kutsekeratu chinaoneka mu 2019, pamene dziko la Pakistan linatseka mlengalenga wake kumapeto kwa February chifukwa cha mkangano wake ndi India, ndipo silinatsegule kwathunthu mpaka mu July chaka chomwecho. Kwa miyezi yonseyo ndege zambiri zolumikiza kumadzulo ndi kum'mawa kwa Asia zinkalambalala chakum'mwera pamwamba pa nyanja ya Arabian Sea, ndipo maulendo anatalika ngakhale kuti mizinda inali pamalo ake omwewo.

Mapiri nawo amakankhira njira chakum'mwera. Ndege yonyamula anthu imauluka pa msinkhu wa mamita 10,000 mpaka 12,000, pamwamba ndithu pa phiri la Everest limene ndi lalitali mamita 8,849, choncho vuto si lakuti ingawombe phiri ikuyenda bwinobwino. Vuto lili pa zimene ziyenera kuchitika zinthu zikalakwika. Mpweya wa m'kati mwa ndege ukathawa, woyendetsa amayenera kutsika mwamsanga kufika pa mamita pafupifupi 3,000, pamene munthu angapume popanda chothandizira, chifukwa okosijeni wa m'zovala kumphuno zimene zimagwa pamwamba pa mipando amatha m'mphindi zowerengeka. Injini imodzi ikazima, ndege imatsikanso chifukwa singakhale pamwamba kwambiri ndi mphamvu yotsalayo. Koma dera lokwera la Tibet, kuseri kwa Himalaya, nthaka yake yeniyeniyo ili pamwamba pa mamita 4,000 kwa mtunda wautali zedi, ndipo mabwalo otererapo mwadzidzidzi ndi ochepa. N'chifukwa chake okonza njira amasunga ndege m'chigwa cha kumpoto kwa India, n'kuidutsitsa cha ku Bangladesh ndi ku Myanmar isanalowe m'China kudzera ku Yunnan. Zonsezi zikaphatikizana, mtunda umene ndege imayendadi umaposa wolunjika uja ndi makilomita mazana angapo, ndipo nambalayo imasiyana tsiku ndi tsiku. Ine ndimaona kuti kulambalala kumeneku ndi koyenera, ndipo wapaulendo sayenera kudandaula nako, pakuti mphindi zimene zimawonjezekazo ndi mtengo wa kukhala ndi potera pafupi nthawi zonse.

Ndege zikuluzikulu zimene zimayenda maulendo aatali chotere, monga Boeing 777 ndi Airbus A380, zimathamanga makilomita pafupifupi 900 pa ola zikafika pamwamba. Munthu akagawa 5,830 ndi 900 amapeza maola 6 ndi theka, n'kuyamba kudabwa kuti nanga ola lina lija, kapena maola awiri enawo, achokera kuti. Gawo lina ndi kulambalala kumene ndafotokozaku. Gawo lina ndi lakuti ndege sithamanga 900 kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Imakwera kwa mphindi 20 mpaka 30 ili yolemera ndi mafuta, imayamba kutsika ikadali makilomita pafupifupi 200 kuchokera pabwalo, ndipo ikatsika pansi pa mamita 3,000 nthawi zambiri imachepetsa liwiro kufika pafupifupi theka. Kuwonjezera apo, nthawi imene imalembedwa pa tikiti si ya mumlengalenga yokha. Anthu a ntchitoyi amaitcha block time, ndipo imayamba kuwerengedwa pamene achotsa zotchingira matayala n'kuyamba kukankha ndege kuchoka poimikira, n'kutha pamene yaima poimikira pa bwalo linalo. Pa mabwalo otanganidwa ngati Dubai ndi Guangzhou, kuyenda pansi kukafika pa msewu wonyamukira ndi kudikira pamzere kungathe kudya mphindi 20 kapena kuposerapo mbali imodzi. Makampani amaikaponso mphindi zina zapadera podziwa kuti masiku ena zinthu zimachedwa, ndipo n'chifukwa chake mudzamva woyendetsa akulengeza nthawi yocheperapo kusiyana ndi ya pa tikiti. Iye amanena ya mumlengalenga yokha.

Chatsala ndi funso limene ndi lokoma kwambiri pa nkhani yonseyi: ngati njira ndi yomweyo, ndege ndi yomweyo, n'chifukwa chiyani kubwerera kukutenga ola limodzi ndi mphindi 15 kuposa kupita? Yankho ndi mphepo. Aliyense amene anaonapo munthu akupalasa bwato pa mtsinje wa Shire amadziwa kuti wopalasa yemweyo, ndi mphamvu zomwezo, amafika msanga akamatsika ndi madzi kusiyana ndi pamene akukwera molimbana nawo. Ndege nayo imasambira mu mpweya, ndipo liwiro la 900 lija ndi liwiro lake poyerekeza ndi mpweya umene yazunguliridwa nawo. Ngati mpweyawo ukuyenda kulowera kumene ndege ikupita, liwiro lake limaphatikizidwa pa la ndege, ndipo ngati ukuchokera kutsogolo limachotsedwa. Pa msinkhu umene ndege zimauluka, cha pakati pa madigiri 25 ndi 35 kumpoto kwa ikweta, pali mtsinje wa mphepo yamphamvu umene umayenda kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, umene akatswiri a zanyengo amautcha jet stream. Umabadwa chifukwa mpweya wotentha wa ku ikweta umakwera n'kumayenda kulowera kozizira, ndipo kuzungulira kwa dziko kumaupotolera kum'mawa. Pakatikati pake liwiro limatha kupitirira makilomita 200 pa ola m'miyezi yozizira. Mmodzi mwa anthu oyamba kuyeza mphepoyi mwadongosolo anali wa ku Asia komweko, katswiri wa zanyengo wa ku Japan dzina lake Wasaburo Oishi, amene m'zaka za m'ma 1920 ankaulutsa mabaluni n'kumaona mmene akutengedwera kum'mawa akafika pamwamba. Zimene anapeza anazilemba m'chinenero cha Esperanto, ndipo akatswiri ambiri a kunja sanaziwerenge pa nthawiyo.

Tiyeni tiyese masamu ndi manambala oyerekezera, kuti muone kuti tikiti yanu ikugwirizana ndi zimenezi. Tiyerekeze kuti njira ya tsikulo ndi makilomita 6,200, ndege ikuthamanga 900 pa ola, ndipo mphepo yochokera kumadzulo, tikaiwerengera pa ulendo wonse, ndi ya makilomita 80 pa ola. Popita, ndege ikudutsa pamwamba pa nthaka pa liwiro la 980, ndipo imatha mtundawo m'maola 6 ndi mphindi 20. Pobwerera ikuyenda pa 820, ndipo imatenga maola 7 ndi mphindi 34. Mukaika pa nambala iliyonse ola limodzi ndi mphindi 10 za kuyenda pansi, kukwera, kutsika ndi kudikira, mupeza maola 7 ndi mphindi 30 popita, ndi maola 8 ndi mphindi 44 pobwerera, zomwe zikufanana pafupifupi ndendende ndi zimene zalembedwa pa tikiti yanu. Pali chinthu china chobisika m'masamu amenewa chimene anthu ambiri sachizindikira. Kukanakhala kopanda mphepo, mtundawo ukanatenga maola 6 ndi mphindi 53. Mphepo yakupatsani mphindi 33 popita, koma yakulandani mphindi 41 pobwerera, chifukwa mumakhala nthawi yaitali mukulimbana nayo kusiyana ndi imene mumakhala ikukuthandizani. Pa ulendo wopita ndi kubwerera, mphepo nthawi zonse imawonjezera nthawi ndi mafuta, ndipo n'chifukwa chake okonza njira amayesetsa kulowetsa ndege m'kati mwa mtsinjewo popita kum'mawa n'kuitalikitsa nawo pobwerera, ngakhale kutero kutalikitse mtunda.

Ena amafunsa kuti, popeza dziko limazungulira kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, bwanji ndege yopita kumadzulo isafike msanga, poti Dubai akuthamangira kudzakumana nayo? Ganizoli limamveka lanzeru, ndipo n'zoona kuti pa madigiri 25 nthaka imayenda makilomita pafupifupi 1,500 pa ola kulowera kum'mawa. Koma mpweya umazungulira limodzi ndi dziko, ndipo ndege nayo inali kuyenda ndi liwiro lomwelo ili chiimire pabwalo. Ntchentche youluka m'basi imene ikuthamanga siwombedwa ndi galasi lakumbuyo, chifukwa mpweya wa m'basimo ukuyenda limodzi ndi basiyo. Kuzungulira kwa dziko kumakhudza ulendo wanu kudzera mu mphepo ija basi, ndipo zotsatira zake zimakomera wopita kum'mawa.

Mwezi umene mukuyenda uli ndi gawo lalikulu, ndipo pa njira ya Dubai ndi Guangzhou zimenezi zimaonekera bwino kuposa pa njira zina zambiri. Kuyambira cha mu November mpaka mu April, imene ndi nyengo yozizira kumpoto kwa ikweta, mtsinje wa mphepo uja umatsika n'kudzagona kum'mwera kwa Himalaya, pamwamba penipeni pa kumpoto kwa India pamene ndege yanu idzadutse. Pamenepo kusiyana kwa kupita ndi kubwerera kumakula, makamaka mu January ndi February. Chakumayambiriro kwa June, mvula ya monsoon ikamayamba ku India, mtsinjewo umasamukira kumpoto kwa Tibet, ndipo pamwamba pa India mphepo ya kumadzulo imafooka, mwinanso kum'mwera kwake imayamba kuchokera kum'mawa. Mukanakhala kuti mukuyenda mu July mukanaona kuti maulendo awiriwa akuyandikana kutalika kwake. Makampani amadziwa zimenezi, ndipo amasintha ndandanda yawo kawiri pa chaka, kumapeto kwa March ndi kumapeto kwa October. Choncho mnzanu amene anayenda mu July akakuuzani kuti anatenga maola osiyana ndi anu, nonse mukunena zoona.

Nyengo ya pansi nayo imachedwetsa ndege, koma November ndi mwezi wabwino kumbali imeneyi. Ku Guangzhou mvula yamabingu imavuta kuyambira April mpaka September, ndipo namondwe wochokera ku nyanja ya South China Sea amatha kuimitsa maulendo onse, monga zinachitikira mu September 2018 pamene namondwe wotchedwa Mangkhut anawomba chigawo cha Guangdong. Ku Dubai chimene chimavuta kawirikawiri ndi chifunga cha m'mamawa m'miyezi yozizira, ndipo poti ndege yanu yobwerera ikufika 5 koloko m'mamawa, ndi bwino kusiya mpata wokwanira ngati mukulumikiza ndege ina yopita ku Africa. Ine ndingalangize maola osachepera 3 ngati matikiti onse ali pa kugula kumodzi, ndipo ochulukirapo ndithu ngati munagula padera, chifukwa pamenepo mudzafunika kutenga katundu wanu n'kukamuperekanso, ndipo ndege yoyamba ikachedwa kampani yachiwiriyo ilibe udindo wokudikirani kapena kukupatsani mpando wina kwaulere.

Manambala onse amene ndatchulawa ndi a ndege yosaima panjira, monga zimene makampani a Emirates ndi China Southern amayendetsa pakati pa mizinda iwiriyi. Pa matikiti ndi pa masamba ogulitsira maulendo mudzaona mawu awiri achingerezi amene amaoneka ofanana koma ndi osiyana. Mawu oti non-stop amatanthauza kuti ndege sitera paliponse mpaka kufika. Mawu oti direct amangotanthauza kuti nambala ya ulendo sisintha, ndipo ndege yotero ikhoza kutera mumzinda wina panjira. Tikiti yotsika mtengo yodzera ku Doha, ku Colombo, ku Bangkok kapena ku Kuala Lumpur ikhoza kusandutsa ulendo wa maola 8 kukhala wa maola 13 kapena tsiku lathunthu, ndipo kwa munthu wamalonda amene masiku ake a visa ndi ndalama za hotelo n'zowerengeka, kusiyana kwa mtengo kuyenera kuyezedwa pamodzi ndi tsiku limene latayikalo. Onetsetsaninso zilembo zitatu za bwalo. Bwalo lalikulu la Dubai ndi DXB, koma mumzindawo mulinso bwalo la Al Maktoum, DWC, limene lili kutali chakum'mwera chakumadzulo, ndipo mzinda woyandikana nawo wa Sharjah uli ndi lake, SHJ. Guangzhou amalembedwa CAN, kuchokera ku dzina lakale la mzindawo la Canton, lomwenso chionetsero chachikulu cha malonda cha Canton Fair chimadziwika nalo. Chionetserochi chimachitika kawiri pa chaka kuyambira mu 1957, ndipo chachiwiri chimayamba pakati pa October n'kutha kumayambiriro kwa November, nthawi imene ndege ndi mahotelo zimadzaza ndipo mizere ya pabwalo imatalika.

Pokonza tsiku lanu, musawerengere maola a mumlengalenga okha. Muyenera kufika pa bwalo la Dubai maola 3 ndege isananyamuke, ndiye kuti 7:30 m'mawa. Mukatera ku Guangzhou 10 koloko usiku mudzadutsa kwa oona za anthu olowa m'dziko, kudikira katundu ndi kudutsa pa kasitomu, zimene zingatenge ola limodzi kapena kuposerapo. Bwalo la Baiyun, limene linatsegulidwa mu 2004, lili makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa pakati pa mzinda, ndipo ngati mukukagona cha ku Xiaobei kapena ku Sanyuanli, kumene amalonda ambiri ochokera ku Africa amafikira, mudzalowa m'chipinda chanu cha pakati pa usiku. Thupi lanu lidzakhala likuona ngati ndi 8 koloko madzulo ya ku Dubai, tulo tidzachedwa kubwera, ndipo m'mawa mwake kudzuka kudzavuta. Kupita kum'mawa kumalemetsa thupi kuposa kubwerera kumadzulo chifukwa tsiku limafupika, choncho musaike msonkhano wofunika kapena kuwerengera ndalama zambiri m'mawa woyamba ngati mungathe kupewa.

Pomaliza pali nkhani ya 00:15 ija, imene ndikupemphani kuti muisamale kuposa zonse, chifukwa anthu ambiri ozolowera kuyenda anasiyidwapo ndi ndege pa chifukwa chimenechi. Nthawi ya 00:15 ndi mphindi 15 tsiku latsopano litangoyamba. Ngati tikiti yanu yalembedwa kuti 00:15 Lachitatu, ndege imeneyo imanyamuka usiku wa Lachiwiri kulowa Lachitatu, ndipo inu muyenera kukhala pa bwalo la Baiyun Lachiwiri cha m'ma 9 koloko usiku. Amene amadikira mpaka madzulo a Lachitatu amapeza kuti ndege yawo inapita maola pafupifupi 20 apitawo, ndipo nthawi zambiri kampani imafufutanso mbali zotsala za tikitiyo, kuphatikizapo ulendo wochoka ku Dubai kubwerera kunyumba. Tsegulani tikiti yanu lero, muone tsiku limene lalembedwa pambali pa 00:15, mubwerere tsiku limodzi m'mbuyo, ndipo limenelo likhale tsiku lotuluka mu hotelo, lomalizitsa zotumiza katundu ndi ajenti wanu, ndiponso limene mudzauze woyendetsa galimoto kuti adzakutengeni cha m'ma 7:30 madzulo.